Makona Atatu Amene Ndinagumula ku Mayville

Yusufu ndi Mariamu, ana anga, mwandivutitsa mokwanira ndi nkhani yoti ndisamuke. Yusufu akuti wandipezera kanyumba kapansi ku Amanzimtoti, kopanda masitepe, koti mawondo angawa apume. Mariamu akuti ndibwerere ku Mangochi ndizikakhala pakhonde ngati nkhalamba zinzanga. Pafoni ndimangoti tiona, inu n'kumanong'onezana kuti bambo anu ndi ouma mutu. Kuuma mutuko sindikana, koma chifukwa chake chilipo, ndipo pakamwa chimandikanika. N'chifukwa chake ndagula kope ili. Za ubwana wanga tizisiye, munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo theka lake ndi bodza. Ndiyambira pomwe ndinagwira fosholo mu Durban muno.

1996, kufupi ndi doko

Ntchito yanga yoyamba inali ya udagaboyi, kukanda daka ndi kunyamulira amisiri, pa nyumba ina ya mafulati ya nsanjika makumi awiri ndi ziwiri. Tinkamata ming'alu m'makoma. Lifiti yake inkagwira ntchito tsiku limodzi n'kugona masiku atatu, ndipo ikagona, thumba la simenti linkakwera pamutu panga. Chichewa ndi Chiyao ndinkazisiya pachipata m'mawa, n'kudzazitola madzulo. Mkatimo ndinkangoti yebo pa chilichonse, ngakhale pondituka.

Mmenemo ndinaonamo zinthu ziwiri zimene sizinandichoke. Pafupi ndi pamwamba penipeni pankakhala gogo wina wa miyendo yotupa amene anali atatha miyezi osaponda dothi. Tsiku lina ndikumata pakhomo pake anandigwira malaya n'kundifunsa ngati mtengo uja wa pachipata ukadalipo. Ndinati ulipo, ngakhale kuti pachipatapo panalibe mtengo uliwonse. Chachiwiri chinali bambo wina amene anamwalira yekha m'fulati yake, ndipo anadziwika chifukwa cha ntchentche zimene zinadzadza pachitseko. Oyandikana naye anafunsidwa dzina lake, koma palibe anaidziwa ngakhale nkhope yake. Tsiku limenelo lifiti inali yamoyo, ndiye anamutsitsa m'thumba lakuda atamuimika pakona ngati kapeti yokulunga. Anzanga anaseka, inenso ndinaseka nawo kuti ndisaoneke wachilendo. Ndinali mwana, sindinkadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

2004, Amanzimtoti

Apa ndinali nditakhala mmisiri wa njerwa ndi pulasitala, ndipo ndi pomwe ndinakumana ndi bwana Selvan, Mmwenye wobadwira konkuno, wamfupi, wolankhula ngati wailesi yothyoka batani. Anali ndi kakampani kake komanga mafulati a anthu obwera kutchuthi. Simenti inkatithera pakati pa khoma, mchenga unkabwera wodzadza zinyalala mpaka tinkausefa ndi waya wa nkhuku, koma munthuyo ankaidziwa ntchito. Ndi amene anandiphunzitsa kuwerenga pulani ndi kukhulupirira tepi kuposa diso langa.

Bwanayu anali ndi chiphunzitso chake chimene ankatilalikira pa nthawi ya tiyi kaya tafuna kaya sitinafune. Nyumba zazitali za kudoko zija ankadana nazo. Ankadananso ndi tinyumba timodzitimodzi timene amatimwaza kutali ndi tauni, kumeta phiri lonse mitengo, kenako wantchito azikwera mateksi awiri kuti akafike kumene amalima kapinga wa anthu ena. "Issa," ankatero akundiloza ndi chikho chake, "nyumba yabwino ndi imene mayi ali pawindo la pamwamba akhoza kukalipira mwana wake ali pabwalo, mwanayo n'kumva dzina lake. Nsanjika zinayi basi. Ikapitirira apo si nyumba, ndi shelefu yoikapo anthu." Ine ndinkaseka, koma ndikakumbukira gogo wa mtengo uja ndinkaona kuti sakunama. Mpaka lero, ngakhale tinasiyana moipa, pa mfundo imeneyi ndili kumbali yake.

2011, Mayville

Chaka chimenechi anandikweza kukhala kapitawo, ndipo tinamanga nyumba imene ndikulemberamo inoyi. Pamalopa panali nyumba zitatu zakale zogumuka. Ife tinaikapo mabanja makumi awiri ndi anayi, mtengo wa mango osaudula, bwalo la ana n'kutsalanso, ndi kadimba kuseri. Fulati iliyonse ili ndi mawindo kutsogolo ndi kumbuyo, ndiye mphepo ya kunyanja imalowa uku n'kutulukira uko, moti ngakhale m'chifundi cha Febuluwale munthu amagona wopanda fani. Madzi a mumpopi amakwera okha mpaka pamwamba osafuna pampu. A mvula timawakolola m'mathanki n'kumathirira ndiwo ndi kuchapira. Magetsi akazima palibe amene amatsekeredwa kumwamba, pakuti lifiti mulibe. Teksi ili pakona, kumzikiti timangoyenda wapansi, ndipo pamasitepe simungadutsane ndi munthu chaka chathunthu osadziwa dzina lake. Ndinanyadira nyumba imeneyi kuposa china chilichonse chimene manja angawa anagwirapo.

Tsopano mverani bwino, chifukwa cholakwa changa chili apa. Masitepe athu, kuchoka pa nsanjika ina kupita pa inzake, amatsika masitepe asanu ndi anayi, n'kukhota, n'kutsikanso. Kuchokera pamwamba kufika pansi, makona ake ndi atatu. Mayi amene anajambula pulani anasiya pokhotera ponse pali potakasuka. Bwana Selvan ataona malowo anati akungowonongeka, ndipo anandiuza kuti pakona iliyonse ndimange kachipinda ka njerwa koti anthu azisungamo njinga ndi zidebe. "Tiyese kaye, bwana, tione ngati katundu azidutsa," ndinatero ine, ndikudziona ngati wanzeru. Tinaimika matabwa pomwe padzakhale khoma, n'kubwereka firiji, sofa ndi bedi lalikulu. Zonse zinadutsa, chifukwa firiji umaiimika, sofa umaipendeketsa, bedi umalimasula. Bwana anawomba m'manja nati, "Sharp! Mangani." Tinalipo amuna asanu ndi mmodzi, atatu mwa ife Asilamu amene tanyamulapo jeneza, chonyamulira maliro chija, kambirimbiri, koma palibe anakumbukira kuti pali katundu wina amene sapendeketsedwa. Njerwa za tizipinda titatuto ndinayala ndekha, ndipo ndinaziyala mowongoka bwino.

Nyumba itatha, bwana anandisiya kukhala woiyang'anira, n'kundipatsa nambala 24, pamwamba penipeni. Amayi anu, Abiti Saidi, anabwera kudzakhala nane, inu mutatsala kusukulu kumudzi. Pawindo lawo anandandalikapo zitini za tsabola ndi mpiru, ndipo ana onse a pabwalo ankawadziwa mawu.

2016

Moyang'anizana nafe, pa nambala 23, pankakhala Che Amidu, telala wa ku Namwera, ndi akazi awo. Mwendo wamanzere wa Che Amidu unali wofooka, ndiye akamatsika atavala patapata, aliyense ankadziwa kuti ndi iwo: phazi lina linkati phwa, linzake n'kukwekwereza shwii. Anamwalira Lachisanu m'mawa atangomwa tiyi. Akazi awo amasiyewo anapempha kuti asambitsidwe m'nyumba mwawo momwemo, ndipo zinatero. Jeneza linabwera kuchokera kumzikiti, anyamulawo n'kulikweza lili chiimire ngati makwerero, popeza linali lopanda kanthu. Ine ndinawatsegulira njira, osaganiza chilichonse.

Tinawagoneka Che Amidu mu sanda yawo yoyera, tinanyamula, tinatsika masitepe asanu ndi anayi, ndipo pakona yoyamba jeneza linakana. Kutsogolo linagunda khoma langa lija, kumbuyo linakakamira pa chitsulo chogwirira. Tinabwerera, tinayesa kulikweza pamwamba pa mitu, tinayesa kulitsitsa m'mawondo. Thukuta linali kamukamu, nthawi ya swala, pemphero la Lachisanu, ikuyandikira, ndipo manda anali atakumbidwa kale. Pamapeto pake shehe anayang'ana pansi nati, "Allah atikhululukire, palibe kuchitira mwina." Ndinathamangira chingwe changa cha ntchito. Tinawamanga pachifuwa ndi m'mawondo, kenako tinaliimika jenezalo.

Ana anga, ndaonapo ngozi pa ntchito, ndaonapo munthu akugwa pa sikafodi, nsanja yomangirapo ija, koma sindinachitepo mantha ngati tsiku limenelo. Che Amidu anaimirira pakona paja atavala zoyera, ataliatali kuposa mmene analili ali moyo, nkhope yawo yokutidwa itayang'ana kumwamba kumene azimayi anaunjikana. Pamene tinkawazunguliza, mutu wawo unagwera kutsogolo n'kugunda pa kona ya khoma, kuti gu! Amasiye anakuwa kamodzi kokha n'kukomokera m'manja mwa amayi anu. Tinawaimika katatu munthu wamkuluyo, pakona iliyonse, tisanafike nawo pansi.

Pobwera kumanda ndinakumana ndi MaDlamini, mayi wa Chizulu wa pa nambala 17, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Morningside. Anandiimitsa pamasitepe. "Baba Issa, nimtshelile?" anatero, kundifunsa ngati tinawauza malemuwo. Ndinati kuwauza chiyani. Anati kwawo wakufa amalankhulidwa njira yonse: tsopano tikutuluka, tsopano tikukhota, tsopano tikukwera galimoto. "Inu mwamuimika pamapazi ake osamuuza kanthu. Hawu! Munthu woimirira amadziwa bwanji kuti wafa?" Ndinamuyankha mwaulemu kuti ife Asilamu tili ndi njira zathu, koma mumtima ndinamutukwana kuti ndi mayi wa zamizimu.

Patatha sabata, pulasitala wa pakona yoyamba anagwa, pamene mutu unagunda paja, kabala kofanana ndi chikhato. Ndinamata. Lachisanu lotsatira anagwanso. Ndinapala mpaka pa njerwa, ndinasakaniza simenti yambiri, ndinathirira masiku atatu monga mwa lamulo lake, koma Lachisanu linalo ndinapeza zidutswa pansi. Ine amene makoma anga a ku Amanzimtoti akadali chilili mpaka lero, kabala kamodzi kanandigonjetsa.

Kenako ndinayamba kumva mapazi. Sikunali usiku ayi, kunali masana dzuwa lili paliwombo, nthawi imene akuluakulu ali kuntchito, ana ali kusukulu, ine ndikukolopa masitepe chifukwa palibe wondipondera. Ndinali pa nsanjika yachiwiri pamene ndinamva pamwamba: phwa, shwii, phwa, shwii. Ndinawerenga masitepe asanu ndi anayi. Pakona mapaziwo anaima kanthawi, monga mmene munthu amaimira akafika pa chitseko chokhoma. Kenako anabwerera kukwera. Ndinathamanga kukaona, koma ndinapeza masitepe okhaokha, onyowa monga ndinawasiyira, opanda chidindo cha phazi. Ndinadziuza kuti ndi mapaipi akufutukuka ndi kutentha. Ndine Msilamu, ndimadziwa kuti wakufa ali m'manda kudikira tsiku lake, koma makutu alibe chipembedzo, ndipo tsiku ndi tsiku ankamva zomwezo. Amasiye anapirira miyezi iwiri, n'kulongedza kubwerera ku Namwera. Kwa amayi anu sindinanene kanthu, iwonso sananene kanthu kwa ine.

2018

Matenda a amayi anu munawamva pafoni, ndipo ndinkakuchepetserani dala kuti musasiye mayeso. Kuchipatala anatibweza n'kutiuza kuti tizingowasamalira kunyumba. Masana ena ndikuwamwetsa phala, mapazi aja anayamba kunja kwa chitseko chathu. Ndinakweza mawu kunamizira kufunsa za tsabola wawo, koma anandigwira dzanja.

"Musavutike, abambo a Yusufu. Ndakhala ndikuwamva chiyambire. Afika pakona, abwerera."

Tinamvetsera limodzi mpaka anabwereradi. Kenako anandiyang'ana nati, "Ine ndikupita, mukudziwa. Chimodzi chokha ndikupemphani. Musadzandiimike."

Ndinawauza kuti ndiwasamutsira pansi, m'chipinda chosungira zida, kuti tsikulo likadzafika pasadzakhale vuto. Anakana. "Ndikafere pakati pa mafosholo, pawindo langa pali pano? Nanga ena atsala pamwamba pano mudzawaimikanso? MaDlamini mudzamuimika? Khomalo munamanga ndinu. Silinagwe kumwamba."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa mwake ndinakwera teksi kupita kwa bwana Selvan. Anandimvetsera mpaka kumapeto, zimene sizinkachitika kawirikawiri, kenako anapukusa mutu. Anati tizipindato tinalowa kale m'mapepala a nyumba, kugumula kungafune chilolezo, chilolezo chingabweretse oyendera, ndipo oyendera akabwera sayang'ana khoma lokha, amafunsanso mapepala a anthu okhalamo. Apo sananame, pakuti theka la a pamwamba ndi akwathu opanda mapepala. "Eish, Issa, pepa za mkazi wako. Koma ukakhudza njerwa imodzi, ntchito yatha, ndipo fulati ija si yakonso. Mafiriji amadutsa, masofa amadutsa. Maliro amachitika kangati?"

"Kamodzi pa munthu aliyense, bwana," ndinayankha, n'kutuluka.

Ndinakhala masiku anayi ndikulimbana nazo. Ndinali ndi zaka zoti palibe angandilembenso ntchito, m'dziko la eni, ndi mkazi wodwala amene akanatha kuponyedwa panja limodzi ndi ine. Ndinkaopanso kuitanira anansi anga mavuto. Koma nthawi iliyonse ndikatseka maso ndinkaona Abiti Saidi ataimirira mu sanda, chingwe changa chili pachifuwa pawo. Lolemba m'mawa anthu atapita kuntchito ndinatulutsa njinga ndi zidebe zawo n'kuzisanja pabwalo, ndinatenga hamala yaikulu, ndinati Bismillah. Ndinkadziwa kuti makomawo sanyamula kanthu, popeza ndinawamanga ndine. Ndinayamba ndi kona ya pamwamba. Fumbi litakwera, ndinamva amayi anu akutsokomola m'chipinda, kenako akuseka, kuseka kumene ndinali ndisanakumve miyezi yambiri. Pofika Lachitatu makona onse atatu anali atabwerera mmene mayi wa pulani uja anawajambulira, nditamata ndi kusesa. Ndinazula chitseko cha chipinda cha zida, ndinachikweza pamwamba, amuna awiri a pa nsanjika yachitatu n'kundithandiza kuchitsitsa chili chigonere, mbale ya madzi ili pamwamba pake. Sanatayike ngakhale dontho.

Bwana Selvan anafika Lachinayi. Anakwera mpaka pamwamba, anatsika, anatulutsa tepi yake n'kuyeza kona imodzi. Anangotambasula dzanja, ine n'kuikamo makiyi. Umo ndi mmene ndinapumira pa ntchito, popanda phwando kapena wotchi ya mphatso. Oyendera sanawaitane, ndipo m'fulatimu anandisiya ngati wa lendi wamba, atamva kuti MaDlamini wasonkhanitsa azimayi onse a m'nyumbamu kumudikira pachipata. Kuyambira tsiku limenelo sitinalankhulanenso, ndipo zimandiwawa, chifukwa munthuyo anandiphunzitsa ntchito.

Mwina mukuganiza kuti mapazi aja anatha. Sanathe. Masana otsatira ndinakhala dala pamasitepe kudikira. Phwa, shwii, kasanu ndi kanayi. Anaima pakona pomwepo, pamene panalibenso khoma, ndipo anabwerera. Ndinalira ngati mwana, chifukwa ndinali nditataya ntchito koma munthu wamkuluyo sankadziwa kuti njira yatseguka.

Amayi anu anatisiya patatha milungu isanu ndi umodzi, m'mawa, mawindo onse ali otsegula. Inu munali kutali, ndipo mwambo wathu sudikira basi ya ku Malawi. Azimayi atatha kuwasambitsa, tinawagoneka mu jeneza lomwe lija. Tisananyamule, MaDlamini anabwera kudzaima patsogolo panga atafunda mpango wobwereka. "Baba Issa, ndiloleni ndiwatsogolere mpaka pachipata chokha." Ndinayang'ana shehe. Shehe anayang'ana kudenga ngati sanamve. Ndinagwedeza mutu.

Anatsika patsogolo pathu akulankhula motsitsa, m'Chichewa chake chothyokathyoka chimene amayi anu omwewo anamuphunzitsa. "Mama, tikutuluka m'nyumba. Tikutsika." Titafika pakona yoyamba anati, "Tikukhota, mama. Njira ilipo." Kenako anakweza maso kuyang'ana pamwamba pa mapewa athu, kumasitepe kumene kunalibe munthu, n'kubwereza mokweza, "Njira ilipo, baba." Jeneza linazungulira lili chigonere, osakhudza paliponse. Ine ndinali nditagwira kumbuyo, womalizira, ndipo azimayi ena onse anali atatsala m'nyumba. Titayamba masitepe achiwiri ndinamva kumbuyo kwanga, pafupi kwambiri: phwa, shwii. Sindinacheuke. Anatitsatira pakona yachiwiri, pakona yachitatu, kudutsa pansi pa mtengo wa mango, mpaka pachipata. Kuyambira tsiku limenelo masana a m'nyumba muno ndi a zii, ndipo pulasitala wanga sanagwenso.

Lero

Masitepewa ndimawakwera pang'onopang'ono, ndikupuma pakona iliyonse, ndipo nthawi zonse pamapezeka wina wondilandira jumbo. Ndikachedwa kutsegula windo m'mawa, MaDlamini amagogoda asanapite ku Morningside, moti ntchentche sizidzakhala zoyamba kudziwa za ine. Tsabola wa amayi anu akadaberekabe. Yusufu, kanyumba kako kapansi upatse wina, ndathokoza. Mariamu, usakwiye.

Mwezi watha ndinatenga tepi yanga yakale, ndinagona pansi, ndinadziyeza, ndinawonjezapo zogwirira za jeneza, n'kukayesa pa makona onse atatu. Pakutsala malo a zala zinayi. Tsiku langa likadzafika, mudzandidutsitse momwe anadutsa amayi anu. Mudzapeze wina woyenda patsogolo, ndipo pakona iliyonse azidzandiuza kuti tikukhota.